Mmene mungasandutsire gemu ya Wesnoth kukhala nthano yoti anthu azidikira

Kuno ku Chitakale tilipo anayi amene timasewera Battle for Wesnoth pa laputopu imodzi yakale, ndipo ntchito yanga ine ndi yofotokoza zimene zachitika. Chinandionetsa kuti njira yanga ikugwira ndi mlongo wanga, munthu woti gemuyo sanaigwirepo, koma ndikangolowa mnyumba funso lake loyamba linali lakuti "achimwene, Kalongonda ali moyo?" Kalongondayo anali msilikali wa pa sikirini chabe.

Kwa amene simuidziwa, ndi gemu yaulere, inatuluka koyamba mu 2003, anaiyambitsa David White, ndipo ukaidawuniloda kamodzi basi ma campaign ake, nkhani zazitali za nkhondo zotsatizana, umasewera opanda bandulo. Imayenda mosinthana ngati bawo, iwe usuntha asilikali ako onse, ukamaliza mdani naye asuntha ake, palibe zothamanga ndi zala. Mapu ake ndi timabokosi ta mbali 6 ngati zisa za njuchi. Nde poti pali mpata woganiza pa turn iliyonse, kutanthauza nthawi yako yosuntha, palinso mpata wolemba.

Yambani ndi maina. Gemu imapatsa asilikali maina ake achilendo amene palibe angawasunge pamtima, koma mukadina kumanja kwa mouse pa msilikali amene mwamulemba ntchito pali posinthira dzina. Osatcha onse ayi, atatu kapena anayi akwana, ena azikhala gulu chabe. Ndipo musamutche akangobwera, mudikire kaye achite kanthu. Wathu uja anali Elvish Fighter amene anamenyedwa ndi adani atatu osagwa, mnzanga nkunena kuti ameneyu ndi kalongonda, sapsa ndi moto umodzi, dzina nkukhala lomwelo. Wina tinamutcha Kabaza chifukwa anali ndi trait ya quick, chibadwa cha liwiro, amafika patsogolo anzake akadali mmbuyo. Maina a anthu enieni a mmudzi asiyeni, tsiku limene msilikaliyo adzafe mudzayambana ndi anthu zosafunika.

Kenako kope. Ndikunena kope lenileni la pagolosale ndi bolopeni, osati kudalira mutu, magetsi akathima pakati pa nkhondo mawa lake mumakhala mwaiwala theka. Pa turn iliyonse mzere umodzi kapena iwiri: ndani anali pati, ndimafuna kuchita chani, ndimaopa chani. Mbali ya manthayo nde yofunika kwambiri, chifukwa replay, yoonetsanso mmene nkhondo inayendera, gemu imasunga yokha ndipo mutha kuonanso chilichonse chimene chinasuntha, koma zimene zinali mumtima mwanu nthawi imeneyo replay ilibe.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino, ndipo apa timasiyana ndi anthu ambiri. Msilikali akafa musalodenso. Gemu imaseva yokha turn iliyonse nde chiyeso chake ndi chachikulu, kungobwerera mmbuyo kamodzi munthu wanu wadzuka. Koma omvera akangodziwa kuti mumatero, ndi pomwepo amasiya kufunsa ngati uje ali moyo, afunsiranji poti yankho akulidziwa kale.

Ndikuuzeni mmene Kalongonda anafera. Kunali kutada mu gemumo, ndipo mdima mu Wesnoth si wokongoletsa, tsiku limazungulira ma turn 6 ndipo usiku asilikali a chaotic, okonda mdima, ngati ma orc amene anali adani athu, amamenya mowonjezera 25%, masana mphamvu nkutsika chimodzimodzi. Iye anali mnkhalango mmbali mwa mtsinje atatsala ndi HP 12, ndiye kuti mapointi 12 a moyo, kumbuyo kwake kuli mtsikana wathu wochiritsa amene akanaphedwa iyeyo akanachoka. Mudzi unali pafupi, ndipo mmudzi msilikali amachira 8 pa turn, nde ndikanatha kumuthawitsira kumeneko. Ndinawerengera: Orcish Grunt, msilikali wamba wa ma orc, usiku amamenya 11 kawiri, mnkhalango mwayi womupeza Kalongonda ndi 40 pa 100, kuti afe mpaka zonse ziwiri zimupeze, ndiye kuti 16 pa 100 basi. Ndinamusiya pomwepo. Yoyamba inamupeza, kutsala 1. Yachiwiri inamupezanso. Mchipindamo munangoti zii, kunja chiperoni chikuwaza pamalata, mnzanga dzanja lili kale pa mouse akuti aise tiyeni tibwerere turn imodzi yokha. Ndinakana. Anali atatsala pang'ono kukwera level, tinali titamuitananso ndi golide 20 scenario iliyonse, ndiye kuti nkhondo yatsopano iliyonse, kuyambira poyamba, zinandiwawa zenizeni. Koma chigawo chimenecho ndi chimene anthu amandiuza mpaka lero kuti ndibwerezenso.

Mwaona mmene manambala ndawaikira? Pofotokoza musawataye onse, komanso musawakhuthule onse. Sankhani imodzi kapena ziwiri zimene zikuonetsa kukula kwa ngozi, 12 ija ndi 16 ija, zina zonse zisandutseni mau a anthu. Mmalo monena kuti defence inali 60% nenani kuti anabisala mmitengo mikondo ikungomudutsa. Amene sadziwa gemu amva, amene amaidziwa azindikira yekha.

Mapu nawonso apatseni maina, gemu imalola kuika label pa bokosi lililonse. Phiri lalikulu ife timangoti Sapitwa, mtsinje woolokera movuta timati Ruo, nde ndikanena kuti adani aoloka Ruo aliyense pano amadziwa kuti zafika pakhomo. Pamalo anagwera mnzathu uja ndinalembapo kuti Manda a Kalongonda, ndipo ma turn onse otsala mu scenario imeneyo asilikali anga ankamenyera kuti adani asapondepo, ngakhale kuti pa nzeru za gemu bokosilo linalibe phindu lililonse. Zoterezi zilekeni zizichitika, nkhani ikayamba kulamula mmene mukusewerera ndiye kuti yagwira.

Za amene akuyankhula, sankhani mmodzi nkukhala naye. Mutha kufotokoza ngati inuyo wosewera, kapena ngati msilikali mmodzi amene akuona zinthu ali pansi. Ine ndimakonda yachiwiriyi, ndinasankha mtsikana wochiritsa uja, chifukwa amakhala kumbuyo nde amaona onse, komanso sadziwa zimene mtsogoleri akuganiza, amangoona kuti wasiyidwa mnzake kutsogolo ndipo amakwiya nazo. Mukasakaniza mau awiriwa mchigawo chimodzi omvera amasokonezeka.

Ma turn ongoyenda adumpheni. "Tinayenda masiku awiri osakumana ndi munthu", zatha, pitani pamene pali moto. Sikirinishoti imodzi pa chigawo yakwana, ndipo ikhale ya nthawi imene simunasankhe chochita, kuti omvera ayambe akangana okha kuti akanakhala iwo akanatani, ngati mmene amachitira madala oonerera bawo pansi pa mtengo wa mango pamsika.

Ngati mukufotokoza pakamwa, yambani ndi padangokhala ndithu, muwasiye ayankhe kuti tili tonse, musachite nazo manyazi, ana a pakhomo amabwera okha. Ngati mukulemba kapena kujambula voice note, chigawo chisapitirire mphindi 5. Ndipo podula musadule nkhondo itatha, dulani pamene mwadina End Turn adani asanasunthe. Chigawo chathu cha Loweruka lapitali chinathera pamene Kabaza ali yekha pa mlatho, dzuwa likulowa, ma orc awiri ali tsidya, ndipo mlongo wanga wandiuza kale kuti Loweruka lino tisayambe iye asanabwere ku msika wa Limbuli.