Momwe mungadzalire clover m'busa la ng'ombe

Clover ndi kambewu kotambalala ka m'gulu la nyemba, ka masamba atatuatatu. Mizu yake imatenga nayitrojeni mu mpweya n'kudyetsa udzu woyandikana nawo, ndipo masamba ake ali ndi mapuloteni ambiri kuposa udzu, zomwe zimaonekera pa mkaka. Komabe amafuna malo ozizira ndi achinyontho, monga kumapiri a Dedza ndi Viphya. Kumalo okwera otere mtundu woyenera ndi Kenya white clover. Ku Chikwawa, Nsanje kapena Salima musataye ndalama. Kumeneko stylo, mbewu ina ya msipu ya m'gulu la nyemba, ndiye amapirira.

Yambani ndi udzu. Mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, lowetsani ng'ombe zidye mpaka udzu utsale masentimita 5, kenaka palani ndi khasu kapena reki kuti dothi lionekere apo ndi apo. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pomwepa: mbewu imamera bwinobwino, koma udzu wautali umaiphimba ndipo imafa posowa dzuwa.

Thirani feteleza wa fosifeti, ndipo ngati dothi lili ndi asidi wambiri, yambani mwathira laimu miyezi ingapo m'mbuyo. Urea ndi CAN ayi, chifukwa amakuza udzu womwe udzapondereze clover. Mankhwala a udzu a 2,4-D nawonso amamupha.

Pa hekitala pamafunika makilogalamu 2 mpaka 4 a mbewu. Isakanizeni pamthunzi ndi inokulanti, yemwe ndi tizilombo tothandiza mizu kutenga nayitrojeni mu mpweya, mufese tsiku lomwelo. Inokulanti wa soya uja sagwira pano. Funsani woyenerana ndi mtundu wa clover womwe mwagula. Poti njere zake n'zazing'ono zedi, phatikizani mchenga wouma kuti zimwazike mofanana. Musazikwirire kupitirira sentimita imodzi. Kungodutsitsa ng'ombe tsiku limodzi kuti zipondeponde n'kokwanira.

Pakatha masabata 6 mpaka 8, zulani chomera chimodzi n'kuswa timibulu ta pamizu. Tikakhala tofiirira mkati, ndiye kuti ntchito yotenga nayitrojeni ikugwirika. Udzu ukafika masentimita 15 mpaka 20, dyetsani kwa nthawi yochepa n'kutulutsa ziweto.

Choopsa chachikulu ndi kufufuma mimba. Ng'ombe yanjala ikadya clover wanthete wambiri, makamaka wamame, m'mimba mumachita thovu, mpweya sutuluka, ndipo imatha kufa tsiku lomwelo. Muziyamba mwaipatsa udzu wouma, mulowetse mame atauma, ndipo clover asapose gawo limodzi mwa magawo atatu a msipu. Mukaona kumanzere kwa mimba kwatupa, itulutseni, imwetseni pang'onopang'ono mamililita 250 mpaka 500 a mafuta ophikira, ndipo itanani mlangizi wa ziweto msanga.

M'mphepete mwa busa siyani kamzere kosadyetsa kuti clover achite maluwa. Njuchi zimapezapo timadzi, akalulu ndi agwape amadya masamba, nkhwali ndi nkhanga zimatola tizilombo, ndipo njere zogwa pansi zimameranso mvula ikabwera.