Kukasambira ku nyanja ya m'mapiri nyengo yotentha

Nyanja ya m'mapiri imanamiza. Pamchenga dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, koma madzi amene mukuwaonawo mwina atsika kumene kuchokera ku chipale chosungunuka pamwamba pa phiri. Ambiri amene amakumana ndi zovuta pa magombe otere amakhala atakonzekera kutentha kokha, osaganizira za kuzizira kwa madzi ndi mvula yamabingu yamasana.

Musanadzuke ulendo, onani zanyengo za pamalo enieni pomwe pali nyanjayo, osati za tauni ya kuchigwa. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, choncho ngati kumunsi kuli madigiri 30, pa nyanja yomwe ili mamita 1,500 pamwamba pake mupeza madigiri 20 kapena kucheperapo kukachita mphepo. Funsaninso malamulo a gombelo: ngati pali ndalama yolowera, ngati agalu ndi moto zimaloledwa, komanso maola amene opulumutsa anthu m'madzi amakhalapo. Magombe ambiri a m'mapiri alibe opulumutsa n'komwe. Lawirirani. Malo oimika galimoto m'mapiri amakhala ochepa, ndipo m'mawa ndi pomwe madzi amakhala bata.

Katundu wake si wambiri. Munthu aliyense akhale ndi thaulo, juzi kapena jekete yotchinga mphepo, chipewa chakhonde, magalasi a dzuwa ndi madzi akumwa osachepera malita awiri. Onjezani nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa pansi pamakhala miyala yoterera m'malo mwa mchenga, ndi fulasiki ya chakumwa chotentha. Madzi a m'nyanja musamwe ngakhale akuoneka oyera mbee. Amatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba monga Giardia, tochokera ku ndowe za nyama ndi anthu.

Dzuwa la kumapiri limaotcha khungu mwakachetechete chifukwa kamphepo kozizira kamabisa ululu wake. Cheza choopsa cha dzuwa chotchedwa UV chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse, ndipo chimadutsa m'mitambo yopyapyala. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu ya mafutawo), mphindi 20 musanakhale padzuwa. Thupi lonse la munthu wamkulu limafuna mamililita pafupifupi 30. Bwerezani pakatha maola awiri komanso mukangovuuka. Khungu lakuda limapsanso, makamaka milomo, makutu ndi pamwamba pa mapazi.

Tsono kulowa m'madzi. Madzi osafika madigiri 15 amadzidzimutsa thupi mwa njira imene simungailetse ndi kulimba mtima: munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi, n'kuyamba kupuma mwabefu, mtima n'kuthamanga. Ngati panthawiyo mutu uli pansi pa madzi, chomwe wakoka ndi madzi. N'chifukwa chake kudumphira kuchokera pa thanthwe kapena pa bwato kumapha ngakhale akatswiri osambira. Lowani poyenda. Imani madzi akafika m'mawondo, thirani madzi kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, kenako pitirirani mpaka m'chiuno. Mukamira mpaka m'mapewa, musayambe kusambira; dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka mutayamba kupuma bwinobwino ndi kutha kulankhula chiganizo chathunthu osadukiza. Mukagweramo mwangozi, musalimbane ndi madzi. Gonani chagada, tambasulani manja ndi miyendo, makutu akhale m'madzi, mpaka befu litatha, kenako muitane anthu kapena musambire kupita kumtunda.

Befu likatha, vuto lina limabwera pang'onopang'ono. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo zoyamba kufooka ndi zala ndi mikono. Pa mphindi khumi chabe m'madzi ozizira kwambiri munthu akhoza kulephera kugwira chingwe chimene wamuponyera. Yesani kugundanitsa chala chachikulu ndi chaching'ono: zikayamba kukanika, vuukani. Sambirani motsata gombe, pamalo pomwe mungathe kuima, osati kuloza pakati. Tsidya lina la nyanja ya m'mapiri limaoneka pafupi kuposa momwe lilili, komanso madzi opanda mchere sayandamitsa thupi ngati a m'nyanja yamchere.

Pali chinanso chomwe alendo sadziwa. Nyengo yotentha dzuwa limafunditsa madzi apamwamba okha, ndipo ofundawo amayandama pa ozizira osasakanikirana. Mukhoza kumva bwino pachifuwa pomwe mapazi alowa m'madzi ozizira ngati a mufiriji. Pansi pa nyanja zakuya za kumayiko ozizira madzi amakhala pa madigiri pafupifupi 4 chaka chonse. Pansi pake pamaphomphokanso mwadzidzidzi: apa madzi ali m'chiuno, mukaponda kawiri simukufikanso pansi. Pafupi ndi pomwe mtsinje ukulowera ndiye pozizira kwambiri, ndipo ngati nyanjayo ndi damu, khalani kutali ndi khoma lake ndi potulukira madzi.

Mwana wosadziwa kusambira avale jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake, yomangidwa bwino. Mukaikoka m'mapewa isakwere kufika m'makutu. Timatchubu topopa ta m'manja ndi zidole chabe. Wamkulu mmodzi akhale pafupi moti angathe kumugwira atangotambasula dzanja, foni ili m'chikwama, ndipo muzisinthana momveka kuti pasakhale nthawi yoti aliyense akuganiza kuti mnzake akuyang'anira. Mwana womira sakuwa. Ana amazizidwanso msanga kuposa akulu, choncho milomo ikayamba kusintha mtundu kapena mano kugwedezeka, mutulutseni ngakhale akulira.

Mukavuuka thupi limapitiriza kuzizira, ndipo kunjenjemera kwenikweni kumatha kuyamba patapita mphindi zingapo. Vulani zonyowa, pukutani, valani juzi, imwani chotentha. Mowa ayi: umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha komwe thupi likusunga. Kupukuta mwamphamvu kumathandizanso kuchepetsa zidzolo zoyabwa zimene zimadza ndi tizilombo tochokera mu nkhono ndi mbalame za m'madzi. Ndi achibale a tizilombo ta likodzo, koma iti timafera pakhungu pomwepo. Madzi akakhala ndi ndere zobiriwira ngati utoto wotayika, musalowemo, galu asamwenso.

Masana ndiye nthawi yoyang'ana kumwamba. Mapiri akatenthedwa, mpweya umakwera n'kupanga mitambo yamabingu mofulumira, ndipo phiri limaibisa mpaka itafika pamutu. Mphepo nayo imakula masana. Ikamaomba kuchoka kumtunda imakankhira matilesi opopa ndi timabwato pakati pa nyanja mwaliwiro loposa kusambira kwa munthu, kotero mpira kapena tchubu zikauluzika zisiyeni zipite. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu litamveka: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Koma kungomva bingu n'kokwanira kuti aliyense atuluke. Bisalani m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka mawindo, osati pansi pa mtengo kapena m'kachisakasa kopanda makoma, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Pochoka tolani zinyalala zonse, ndi makoko omwe, chifukwa zakudya zotsala zimazolowetsa nyama zakutchire kubwera kwa anthu. Ngati munali ndi bwato, litsukeni, khuthulani madzi ndi kuliumitsa musanalilowetse m'nyanja ina, kuti musasamutse zomera ndi tinkhono towononga. Potsika phiri ikani giya yaing'ono injini izigwira galimoto. Kuponda mabuleki mosalekeza kumawatenthetsa mpaka kusiya kugwira, ndipo mukamva fungo lopserera imani pambali azizire.