Musanagule chimbale chosainidwa pa okushoni

Abale anga a kuno ku Harare, sabata yatha mlamu wanga anatsala pang'ono kutaya madola ake pa okushoni ina m'tauni muno. Ankagulitsa CD yomwe ati Bob Marley anaisainira atabwera kudzaimba ku Rufaro Stadium mu Epulo 1980. Bodza lamkunkhuniza! Marley anamwalira mu Meyi 1981, pomwe ma CD anayamba kugulitsidwa mu 1982. Choncho yambani ndi zaka: kodi chinthucho chinalipo woimbayo ali moyo?

Kenako pitani tsiku loonetsa katundu, muchigwire ndi manja. Chipendeketseni pa kuwala. Inki ya cholembera imakhala pamwamba pa pepala, ndipo bolopeni imasiya kangalande komwe mungakamve ndi chala. Siginecha yosindikiza ndi yosalala, ndipo mukaikuza ndi kamera ya foni mumaona timadontho. Woimba akamasaina pakhamu la anthu dzanja limathamanga, mzere kunenepa apa, kuwonda apo. Wakuba amachita kujambula pang'onopang'ono, mzere n'kumanjenjemera, n'kumaimaima pakati pa zilembo. Mukapeza masiginecha awiri ofanana ndendende, pamenepo pali chinyengo, chifukwa palibe munthu amasaina chimodzimodzi kawiri.

Satifiketi yotsimikizira isakukopeni. Aliyense wa kompyuta angaipange. Funsani komwe chinthucho chachokera, ndi chithunzi cha woimbayo akusaina ngati chilipo.

Samalani makamaka ndi za Oliver Mtukudzi. Chimwalirireni mu 2019, aliyense ku Mbare akuti anali mnzake.