Momwe wamasewera angapezere sikolashipi ndi thandizo la ndalama

Thandizo la ochita masewera a mpikisano lili pawiri: sikolashipi, pomwe yunivesite imakulipirirani maphunziro inu mukuisewerera, ndi ndalama zokonzekerera mipikisano. Ambiri luso amakhala nalo, koma amagwa pa mapepala.

Masikolashipi otere achuluka ku America. Pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite kumeneko, sukulu zili m'magawo atatu: za Division I ndi Division II zimapereka sikolashipi ya masewera, pomwe za Division III sizipereka. Palinso mayunivesite a pansi pa bungwe lina lotchedwa NAIA ndi makoleji a zaka ziwiri a pansi pa bungwe la NJCAA, amene ambiri amawaderera chonsecho khomo lake silivuta kwenikweni.

Lembetsani ku NCAA Eligibility Center, ofesi younika ngati muli oyenera kusewera, mudakali ku sekondale. Kumeneko amafuna maphunziro 16 ovomerezeka, ndi GPA (avereji ya magiredi anu) yosachepera 2.3 ku Division I kapena 2.2 ku Division II. Adzakufunsaninso ngati munasainapo kontirakiti kapena kulandira malipiro ku timu ina. Nenani zoona, chifukwa bodza likadziwika mutafika kale, akhoza kukuletsani kusewera. Samalaninso ndi nthawi: m'masewera ambiri muli ndi chaka chimodzi chokha mukamaliza sekondale, ndipo mukapitiriza kupikisana kudutsa pamenepo musanalowe koleji, amakudulani zaka zosewera. Pa tenisi ya Division I ndi miyezi 6 basi.

Makochi alembereni nokha. Imelo ikhale yaifupi: zaka zanu, malo amene mumasewera, zotsatira za mayeso, ndi umboni. Wothamanga kapena wosambira apereke nthawi yoyezedwa ndi makina pa mpikisano wovomerezeka. Ya wotchi ya m'manja kochi saikhulupirira. Wa mpira atumize kanema wa mphindi 3 mpaka 5, zabwino kwambiri zikhale koyambirira, ndipo atchule nambala ya jezi yake. Wina akakulonjezani sikolashipi bola mumulipire kaye, muthaweni, pakuti wosankha ndi kochi.

Akakupatsani mwayi, musathamangire kusaina. Masikolashipi ambiri salipira zonse. Funsani ngati malo ogona, chakudya, mabuku ndi inshuwalansi ya chipatala zilimo, ngati ndi ya chaka chimodzi kapena zaka zonse, komanso chimene chingachitike mukavulala. Yankho likhale lolembedwa. Ndalama yotsalayo muyenera kusonyeza komwe ichokere sukulu isanakupatseni fomu ya I-20, imene mumafunsira viza ya ophunzira ya F-1.

Kwa amene akulinga ku Olimpiki, pali thandizo la Olympic Solidarity lochokera ku IOC, komiti ya Olimpiki ya dziko lonse lapansi, lolipirira zokonzekera ndi maulendo opita ku mipikisano yodzigulira malo. Ili simupempha nokha: dzina lanu limadzera ku bungwe loyendetsa masewera anu, kenako ku komiti ya Olimpiki ya dziko lanu. Malo amakhala ochepa, choncho funsani msanga tsiku lotsekera, ndipo mukalandira muzisunga malisiti ndi zotsatira zonse, chifukwa malipoti akachedwa ndalama zimatha kuima.