Nyumba yalendi pa Dedza boma: mungaikonze bwanji kuti aulumali alowemo?

Bambo, mwafunsa zoti muchite ndi mashopu anu awiri pa boma kuti musalakwire lamulo. Yambirani apa: gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la aulumali la 2012 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Ndiye wofuna kuchita lendi akabwera pa njinga ya olumala, musamuuze kuti "malo atha" pamene alipo.

Kenako imani pakhomo n'kuyang'ana pansi. Mashopu ambiri kuno ali pamtunda, makwerero atatu kapena anayi, ngalande ili kutsogolo. Itanani mmisiri amange njira yotsetsereka: pa sentimita imodzi yokwera, masentimita 12 m'litali. Khonde likakwera masentimita 30, njirayo ikhale mamita 3.6. Njira zambiri zomwe ndimaziona ndi zazifupi, zotsetsereka ngati phiri la Dedza, munthu mpaka kufuna anthu awiri omukankha. Simenti yake isasalazidwe kwambiri, poti ndi mvula ya kuno imaterera, ndipo muike chitsulo chogwirira m'mbali. Ngalandeyo muitseke ndi silabu.

Chitseko chikhale masentimita 90 m'lifupi, cha kuchimbudzi chomwe, chotsegukira kunja.

Pulani isanayambe kumangidwa, kaionetseni ku khonsolo. Pa tsiku losayinirana mgwirizano wa lendi, wosaona muwerengereni mawu onse mokweza, pali mboni yomwe wadzisankhira yekha.