Mukufuna kukoka magetsi panyumba kuno ku Mulanje? Yambani chonchi

Anthu akwathu, chaka chatha ndinakoka magetsi panyumba ya mayi anga kufupi ndi Chitakale ndipo ndinapunthwa pang'ono, ndiye ndati ndikufotokozereni mmene zimayendera kuti inu musadzataye ndalama ngati ine.

Choyamba dziwani kumene moto umenewu umachokera, chifukwa mukadziwa simunamizidwa. Magetsi ambiri a m'Malawi muno amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi amagwetsedwa mwamphamvu m'mapaipi akuluakulu n'kukazunguza makina, makinawo amazunguza jenereta, basi magetsi apangika. Siteshoni ya Nkula A inayamba mu 1966, taganizani. Amene amapanga ndi EGENCO, inapatukana ndi ESCOM mu 2017, ndiye ESCOM ntchito yake ndi kunyamula magetsiwo ndi kutigulitsa ife. Kuchoka ku siteshoni amawakweza mphamvu kufika 66,000 kapena 132,000 volts kuti ayende mtunda wautali osatayika m'njira, akafika ku sabusiteshoni amawatsitsa kufika 33,000 kapena 11,000, kenako kathiransifoma kaja mumakaona papolo ndi kamene kamatsitsa komaliza kufika 230 ya m'nyumba. N'chifukwa chake waya wa pamwamba wodutsa pakhomo panu sikuti ndiye kuti magetsi muli nawo pafupi ayi, funso ndi loti thiransifoma ili kuti.

Kunonso kwathu timapanga tokha, ambiri sadziwa. Ku Bondo kuli kampani ya MEGA imene imagwiritsa ntchito madzi a Lichenya kuyatsa midzi ya kumeneko, ndipo pa Ruo ndi Ndiza palinso makina amene magetsi ake amagulitsidwa ku ESCOM. Ngati muli mbali ya Bondo kafunseni kaye a MEGA musanathamangire kwina.

Tsopano ntchito yanu. Yendani wapansi kuchokera panyumba mpaka papolo yomaliza ya mawaya otsika aja, muwerenge mapazi. Mtunda ukatalika pamafunika mapolo owonjezera ndipo mtengo umakwera, ndiye ngati aneba akufunanso gwirizanani mukalembetse limodzi, mutu umodzi susenza denga.

Kenako wayaring'i, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Pezani mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za mphamvu zamagetsi, mumuuze akuonetseni ndithu musachite manyazi. Ine ndinatenga mnyamata wina wotchipa poti ndi wa konkuno, anaika waya wowonda wa mababu m'masoketi momwe, tsiku loyamba kuyatsa ayironi soketi inayamba kununkha ngati pulasitiki wapsa ndipo chivundikiro chake chinachita kufewa nditachigwira ndi chala, mayi anga anathawira panja ndi zidzukulu. Tinakumbanso khoma lonse, ndalama kawiri. Mababu amafuna waya wa saizi 1.5, masoketi 2.5, kuka ya magetsi imafuna wake wonenepa payokha ndi buleka yake. Mukamagula waya mupale kunsonga muone ngati ndi kopa weniweni mpaka mkati, wina amangopaka pamwamba koma mkati ndi woyera.

Ndiye chitsulo cha earth chija, musalole achidumphe. Chimakhomedwa pansi panja n'kulumikizidwa ndi bokosi la mabuleka, kuti chinthu chikashota moto uthawire m'nthaka osati mwa mwana wanu. Ndi mvula ya kuno komanso chinyontho cha chiperoni makoma amanyowa, si zoseweretsa.

Wayaring'i ikatha pitani ku ofesi ya ESCOM ndi chiphaso chanu cha unzika, kamapu kosonyeza njira yofikira panyumba ndi mapepala amene mmisiri wasainira. Amabwera kudzaona malo n'kukupatsani pepala la mtengo wake. Lipirani motsatira pepalalo ndipo risiti musunge ngati khadi la kusikelo. Madobadoba oti "ndipatseni kangachepe ndikufulumizitsireni" musawamvere, komanso zokoka waya kwa aneba usiku ndi mlandu, ndiye zimaotchanso nyumba.

Mita ikaikidwa mayunitsi mumagula pa Airtel Money kapena Mpamba, amakutumizirani manambala 20 mumalowetsa pamita basi. Nambala ya mita muilembe kuseri kwa chitseko. Yunitsi imodzi ndi ngati chinthu cha 1,000 watts chayaka ola lathunthu, ndiye babu ya LED ya 10 watts imatha maola 100 pa yunitsi imodzi koma ketulo ndi ayironi zimadya moonekeratu.

Kumbukirani malire ake, kuchokera papolo kufika pamita ndi za ESCOM musakhudze, kuchokera pamita kulowa m'nyumba ndi zanu. Magetsi akazima yang'anani kaye kwa aneba, ngati kukuyaka vuto ndi buleka yanu kapena mayunitsi atha. Akazima dera lonse mwina bulugamu wagwera waya kapena vuto lili ku Shire komweko, mukukumbuka namondwe Ana mu Januwale 2022 ataononga Kapichira magetsi ankazimazima miyezi yambiri dziko lonse. Zikatero zulani TV ndi firiji kukhoma, mudikire mphindi zingapo akabwera musanazibwezeretse. Ndipo waya ukagwa pansi pambuyo pa mphepo thamangitsani ana, imbirani a ESCOM, olo magetsi atakhala kuti azima musaugwire.