Momwe mungasankhire ndodo zotsamiritsira mfuti posaka nyama

Mlenje akaphonya, mlandu umagwera mfuti, sikopu (galasi loonera patali la pamwamba pa mfuti) kapena mphepo. Koma nthawi zambiri wolakwa amakhala thupi lake lomwe. Munthu amene wakhala akuwendera nyama kwa maola atatu, mtima uli thithithi, mpweya uli wefuwefu, sangagwire mfuti m'manja n'kukhala nayo nji. Masamu ake ndi osavuta. Mfuti imatalika pafupifupi mita imodzi, ndiye kukamwa kwake kukasuntha ndi milimita imodzi yokha, chipolopolo chimakagwera masentimita 10 kumbali pa mtunda wa mamita 100, ndipo pa mamita 200 amakhala masentimita 20. Pamenepo mwaphonya, kapena mwachita choipa kuposa kuphonya: mwavulaza nyama, yathawa ndi bala.

Nzeru yotsamiritsa mfuti si yalero. Alenje a njati za ku America m'zaka za m'ma 1870 ankasanjika mfuti zawo zolemera za Sharps pa timitengo tiwiri topingasa. Chasintha ndi kuchuluka kwa mitundu, mpaka wogula amasowa pogwira.

Choyamba: yang'anani malo, musanayang'ane ndodo

Dzifunseni kuti kumene mumasaka mumawombera muli chotani. Kugona chafufumimba ndiye kumakhazikitsa mfuti kuposa njira zonse, kenaka kukhala pansi, kenaka kugwada, ndipo choimirira chimabwera pamapeto. Vuto ndi lakuti udzu suvomereza. Kumene udzu umafika m'chiuno, mukagona pansi mudzangoona mapesi mu sikopu. Kumalo a thengo ndi udzu wautali mufunika ndodo zowombera choimirira. Kumalo a miyala ndi zitunda, kumene mumaona patali mutagona, timiyendo tifupitifupi kapena chikwama basi n'zokwanira.

Funso ili likayankhidwa, theka la zinthu za m'sitolo latuluka kale pa mndandanda wanu.

Chachiwiri: miyendo ingati?

Ndodo ya mwendo umodzi ndi yopepuka, yachangu, ndipo imathandiza pokwera phiri. Imaletsa mfuti kutsika ndi kukwera, koma kumanzere ndi kumanja imakhalabe gwedegwede. Ine ndimaiona ngati ndodo yoyendera imene ili ndi mphanda pamwamba. Pafupi imagwira ntchito, patali ayi.

Ndodo ziwiri zopingasa zimathetsa kugwedera kwa m'mbali, koma zimatha kugwera kutsogolo kapena kumbuyo, ndiye mwendo wachitatu ndinu. Ikani mapazi ake patsogolo pang'ono, mphanda ipendekere kwa inu, ndipo muitsamire pang'ono. Zimenezi mungathe kupanga nokha ndi nsungwi ziwiri zowongoka, n'kuzimanga cha kumwamba ndi mphira wa chubu chakale. Musazipeputse. Mphira umagwira mfuti bwino, suchita phokoso, ndipo zikasweka mtima sukupwetekani.

Za miyendo itatu zimaima zokha. Ubwino wake umaonekera pamene nyama yabisa chifuwa kuseri kwa chitsamba ndipo mukuyenera kudikira mphindi khumi mfuti ili paphewa. Mwendo umodzi uloze kutsogolo, iwiriyo ikhale mbali yanu kuti muime pakati pake osaipunthwa. Zina, monga BOG DeathGrip, zili ndi chopanira chogwira mfuti yokha osaigwiririra, koma n'zolemera, zoyenera wokhala pamalo amodzi kudikira nyama, osati woyenda tsiku lonse.

Tsono pali za miyendo inayi, zimene alenje ambiri a ku Ulaya amazikonda, monga Viper-Flex. Izi zili ndi mphanda ziwiri, ina yogwira mfuti kutsogolo, ina kumbuyo pafupi ndi phewa. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni. Ndodo zina zonse zimagwira mfuti pamalo amodzi, ndiye imatha kuzungulira pamenepo ngati sikelo, pomwe kugwedera kwambiri kumachokera kumbuyo, paphewa la munthu amene akupuma. Mukagwira malo awiri, kuwombera choimirira kumayandikira kukhazikika kwa wogona pansi. Choipa chake, nyama ikasuntha masitepe angapo, mumayenera kunyamula mwendo wina n'kutembenuza zonse, ndipo pamalo otsetsereka zimafuna kuzolowera. Wosazolowera amakodwa nazo, nyama ili kumuyang'ana.

Chachitatu: bipod ndi chikwama

Bipod ndi timiyendo tiwiri tomangirira pa mfuti penipeni. Za kampani ya Harris zimagwira pa kachitsulo kokolowekapo lamba, pomwe zina zimafuna kanjanji kachitsulo komangirirapo zipangizo, ka mtundu wa Picatinny kapena wa Arca, choncho onani pansi pa mfuti yanu musanagule. Bipod ya mainchesi 6 mpaka 9, kapena kuti masentimita 15 mpaka 23, ndi yowombera chogona pamalo oyera. Ngati mumawombera chokhala, mufunika yaitali kwambiri kuposa pamenepo. Sankhani imene mutu wake umapendekeka uku ndi uku, chifukwa pansi pa kutchire sipakhala pofanana, ndipo mfuti yopendekeka imataya chipolopolo kumbali mtunda ukatalika.

Koma musanalemeretse mfuti ndi zitsulo, yesani chikwama chimene mwabereka kale. Mukachidzaza ndi zovala n'kuchigoneka pansi kapena pamwala, chimakhazikitsa mfuti modabwitsa. Mukachiimika, chimakuthandizani powombera chokhala.

Chachinayi: kutalika, kulemera, phokoso

Imani mowongoka, tambasulani miyendo ya ndodo monga mmene mungachitire kutchire, ndipo ikani mfuti. Ngati mukuwerama kuti diso lipeze sikopu, n'zazifupi, ndipo msana wowerama umanjenjemera. Ngati mukunyanyamphira, n'zazitali. Pokayikira tengani zotalikirapo, chifukwa ndodo zazitali mumazitsitsa pongotambasula miyendo, koma zazifupi simungaziwonjezere.

Ndodo zopangidwa ndi mtengo n'zachete koma sizifupika. Za aluminiyamu zimafupika n'kulowa m'chikwama, koma zikagundana zimalira ngwee, ndipo khutu la nyama silifuna kuuzidwa kawiri. Kukulunga tepi kapena mphira pamene zimagundana kumathandiza. Za carbon fibre n'zopepuka ndi zolimba, koma n'zodula ndipo zikapanikizika pamwala zimang'aluka m'malo mopindika. Mfundo iliyonse yofupikitsira mwendo ndi malo amene angaterereke, ndiye m'sitolo momwemo mangani mfundozo n'kutsamira ndi thupi lonse. Za Primos Trigger Stick zimasintha kutalika pongofinya chogwirira ndi dzanja limodzi, chinthu chothandiza kwambiri pamalo okwera ndi otsika, bola muzizitsuka mchenga ndi matope. Onaninso mapazi: zisonga zachitsulo zimaluma dothi, mphira umagwira pamwala.

Chachisanu: chimene chimakhala pa mphanda

Apa ndi pamene ambiri amaonongera zonse. Pa mphanda pamakhala thupi la mfuti la kutsogolo, lija mumagwira ndi dzanja, osati mpope wachitsulo. Mpope umanjenjemera chipolopolo chikamadutsa, ndipo ukakhudza chinthu, chipolopolo chimakagwera pena, kawirikawiri pamwamba. Chimodzimodzi mukatsamiritsa mfuti pamwala kapena panthambi: cholimba pa cholimba chimadumpha. Ikani dzanja, chipewa kapena jekete pakati. Ndipo mfuti izikhala pa mphanda pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ena amaikapo kachizindikiro ka tepi.

Dzanja lakutsogolo ligwire mphanda ndi mfuti pamodzi. Chigongono cha dzanja lowombera chikapeza potsamira, kaya ndi mtengo, bondo kapena phewa la mnzanu, kugwedera kumachepa kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi: ziyeseni musanapite nazo kutchire

Yambani ndi mfuti yopanda chipolopolo, mutaitsegula n'kuona ndi maso anu, ndipo muilozetse kumene kulibe munthu. Yendani, imani, tambasulani ndodo, ikani mfuti, chalirani. Bwerezani mpaka manja azichita okha mwakachetechete, maso osachoka pa chimene mukufuna kuwombera. Zoloweraninso kunyamula ndodo dzanja lina, mfuti ili pa lamba, chifukwa pa kusinthana kumeneku ndi pamene kukamwa kwa mfuti kumayendayenda mosayenera.

Kenaka pitani kumalo ovomerezeka owomberako, ndi zilolezo zimene malamulo a dziko lanu amafuna. Khomani mbale ya pepala ya masentimita pafupifupi 20, imene ikufanana ndi malo a mtima ndi mapapo a nyama yapakatikati. Yendani mothamanga pang'ono kuti mtima ugunde, ndipo wombani zipolopolo zisanu kuchokera pa ndodozo pa mamita 50. Zonse zikalowa m'mbale, sunthirani pa 100, kenaka pa 150. Mtunda umene chipolopolo chimodzi chayamba kutuluka kunja, bwererani pa wam'mbuyo uja n'kuulemba: umenewo ndiwo malire anu powombera nyama. Chitani chimodzimodzi chokhala ndi chogwada, ndipo ngati mnzanu ali ndi ndodo za mtundu wina, bwerekani tsiku lomwelo muyerekeze mbale ziwirizo.